Kope, makhadi kapena foni: kosunga mndandanda wa mabuku omwe mukufuna kuwerenga

Loweruka lina ndinaima pomwe mnyamata wina amayala mabuku pa saka, chakufupi ndi msika waukulu wa Zomba. Pakati pa mabuku a sukulu ndi magazini akalekale panali buku la mbiri yakale, chikuto chake chitathothoka pakona. Dzina la mlembi silinali lachilendo, koma ndinalephera kukumbukira ngati limeneli linali buku lomwe mphunzitsi mnzanga anandiuza miyezi ingapo m'mbuyomo, kapena linzake la mlembi yemweyo lomwe ndinali nalo kale. Yankho linali m'kope langa, kopelo lili phee pa tebulo ku Matawale.

"Tengani bambo, ili mawa simulipeza," anatero mnyamatayo akulikuntha fumbi.

Ndinalisiya. Lolemba nditabwerera ndi kope m'manja, buku linali litapita, ndipo linalidi lomwe ndinkafuna.

Malangizo ambiri a pa intaneti okhudza mndandanda wa mabuku amalembedwa ndi anthu oti akafuna buku amangoliitanitsa, mawa lake lafika pakhomo. Ife kuno timabwereka kwa anzathu, ku nthambi ya National Library Service, ku laibulale ya yunivesite ku Chirunga ngati tili ndi mwayi wolowamo. Timatuma wopita ku Blantyre, timadikira wochokera ku Johannesburg. Ndiye mndandanda wa munthu wa ku Zomba uyenera kunena kumene buku lili, ndipo uyenera kukhala m'thumba pa nthawi yomwe bukulo latulukira. Pa njira zisanu ndi imodzi zomwe zili pansipa, zina ndagwiritsa ntchito ndekha, zina ndaziona kwa abale ndi anzanga.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi mtengo, ndipo sindikunena wa tsiku logula lokha. Njira ina imadya ndalama kamodzi, ina imadya pang'onopang'ono kudzera m'mabandulo ndi kutchajitsa foni. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mapepala ndi zolembera yakhala ikusuntha, choncho ndiziyerekeza njira ina ndi inzake m'malo motchula makwacha omwe pofika mwezi wamawa akhala atasintha.

Chachiwiri ndi kapezekedwe, ndipo kali pawiri. Kodi zipangizo zake mungazipeze m'tauni mommuno osakwera minibasi ya ku Limbe? Nanga mndandandawo ukhala nanu mukakumana ndi buku mwadzidzidzi?

Chachitatu ndi kasamalidwe. Mndandanda umakula msanga kuposa momwe mwini wake amawerengera. Tiyeni tiwerengetsere: munthu wowerenga masamba 20 tsiku lililonse amatha masamba 600 pa mwezi, ndipo pa chaka amamaliza mabuku pafupifupi 30 a masamba 250. Mndandanda wa mabuku 200 ndi ntchito ya zaka pafupifupi 7. Njira yomwe siilola kuchotsa, kusuntha ndi kupatula ochepa oti muyambe nawo imasanduka mtolo, ndipo mtolo wotere munthu amangoutula n'kuuiwala.

Chachinayi ndi chiopsezo, chomwe chingakulandeni mndandanda wonse tsiku limodzi. M'tsinde mwa phiri la Zomba muno mvula siichita masewera kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimalowa ndi m'masutikesi momwe, chiswe chimakwera khoma usiku umodzi. Pa foni zoopsa ndi zina: akuba, batire, pasiwedi yoiwalika.

Njira iliyonse yomwe mungasankhe, mzere wa buku limodzi ukhale ndi mutu wa bukulo, mlembi wake, amene anakuuzani kapena chomwe chinakukopani, ndi kumene lili. Ngati ndi lobwereka, onjezani tsiku lobweza. Danga la "amene anandiuza" ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limapulumutsa. Pakatha chaka mutu wokha sukuuzani kanthu, koma mawu oti "abusa anatchula pa maliro ku Jali, nkhani ya njala ya 1949" amakubwezerani chidwi chonse, n'kukuuzaninso khomo lokagogoda.

1. Kope la sukulu, mndandanda umodzi wotsika

Ambiri timayambira apa. Mumalemba buku lililonse pansi pa linzake monga mwalimvera, ndipo mukaliwerenga mumachonga. Masamba a kumbuyo ndi a maganizo anu pa zomwe mwawerenga.

Mtengo: palibe njira yotsika kuposa iyi. Ngakhale kope lotsala la mwana wa sitandade 8, lomwe lili ndi masamba oyera kumapeto, likwanira poyambira.

Kapezekedwe: pa okala iliyonse, ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Thondwe pa tsiku la msika. Koma kope la sukulu silikwana m'thumba la malaya, ndiye limatsala kunyumba ngati momwe langa linatsalira. Lidulireni pakati ndi mpeni wakuthwa, monga makolo amachitira ndi makope a ana a sitandade 1, ndipo theka limodzi lizilowa m'thumba la thalauza.

Kasamalidwe: miyezi yoyamba palibe ntchito. Zovuta zimayamba mndandanda ukapitirira masamba anayi kapena asanu. Owerengedwa ndi osawerengedwa amasakanikirana, buku limodzi mumalilemba kawiri, ndipo kuti mupeze "aja a ku laibulale" muyenera kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Mankhwala ake ndi kukopera. Kamodzi pa teremu tsegulani tsamba latsopano, musamutsirepo okhawo omwe mukuwafunabe. Ndi ntchito yotopetsa koma ili ndi phindu lake, poti dzanja limakana kulembanso buku lomwe mtima unalisiya kalekale.

Chiopsezo: madzi. Januwale wina mvula inandipeza pa kabaza pakati pa tauni ndi kunyumba, kope lili m'chikwama cha nsalu. Nditafika ndinaliyanika pafupi ndi mbaula, kumatembenuza tsamba ndi tsamba. Mizere yomwe ndinalemba ndi pensulo ndi bolopeni wamba inatsala yowerengeka bwinobwino. Yomwe ndinalemba ndi cholembera cha inki yamadzi, chija chimatsetsereka bwino pa pepala, inangosanduka mawanga abuluu, ndipo mabuku khumi ndi angapo ndinawataya pamenepo. Pensulo siisungunuka m'madzi, ndipo inki ya bolopeni ndi yamafuta, ndiye imapirira. Kutirani kope ndi pepala la pulasitiki la shuga, musalisiye pansi kapena kulitsamiritsa kukhoma. Vuto lina ndi la m'nyumba momwe: kope looneka la sukulu ana amang'ambamo masamba popanda kufunsa.

2. Hadikava yogawa magawo

Apa mumagula kope lachikuto cholimba, lomwe timangoti hadikava, n'kulemba manambala pa masamba onse. Masamba awiri oyamba ndi a zamkatimu. Kenako gawo lililonse limatenga tsamba lake: "ofuna kuwerenga", "ndabwereka", "ndabwereketsa", "ndamaliza". Buku lililonse lomwe mwaliyamba limapatsidwa tsamba la ndemanga. Gawo likadzaza mumapitiriza pa tsamba loyera lotsatira, n'kulemba nambala yake ku zamkatimu. Ndi maganizo omwewa omwe Ryder Carroll wa ku New York anatchukitsa mu 2013 ndi dzina loti bullet journal, ngakhale kuti amene anasungapo buku la banki mkhonde kapena la mvano aona kuti si zachilendo kwenikweni.

Mtengo: imaposa kope wamba kangapo, koma imodzi imatha chaka kapena ziwiri. Samalani ndi zithunzi za pa Instagram ndi Pinterest zoonetsa masamba ojambulidwa mashelefu, zolembera za mitundu khumi ndi timapepala tomata. Chikomekome cha mkuyu chimenecho: chimadya ndalama, chimadyanso nthawi yomwe mukanawerengera mitu iwiri. Rula, pensulo ndi bolopeni imodzi zakwana.

Kapezekedwe: m'mashopu a zolembera m'tauni hadikava sizisowa, makamaka sukulu zikamatsegulira. Sankhani ya A5 kuti izilowa m'chikwama chaching'ono, ndipo tsegulani pakati muone ngati masamba ndi osokedwa ndi ulusi. Yongomata ndi guluu imayamba kuthothoka ikamwa chinyezi.

Kasamalidwe: chinsinsi chake ndi kulemba zamkatimu nthawi yomweyo. Mukazengereza kawiri katatu, yabwerera kukhala kope wamba. Mphindi khumi Lamlungu madzulo zimakwana. Chomwe ndimaikondera ndi choti mndandanda ndi ndemanga zili malo amodzi. Tsamba la "ndabwereketsa" lokha landibwezera mabuku omwe akanapitiratu, chifukwa munthu ukamuuza mwaulemu kuti "achimwene, lija munatenga pa 12 Juni", amakalifufuza m'nyumba mpaka lipezeke.

Chiopsezo: zonse zili m'chinthu chimodzi. Ikasowa mwataya mndandanda, ndemanga ndi ngongole za mabuku pamodzi. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, mabanja ambiri m'chigawo cha kummwera, ndi m'boma lino momwe, anataya mapepala omwe sadzabwereranso. Chichokereni apo ndimajambula masamba atsopano ndi foni kumapeto kwa mwezi uliwonse. Nguwi nayo musaiiwale. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, hadikava yotsekeredwa m'kabati imayamba kununkha n'kuchita mawanga. Muziitulutsa ipitidwe mphepo.

3. Makhadi, buku lililonse lake

Njira iyi ndinaiona kwa malume anga, omwe anagwira ntchito ya ukalaliki kuno nthawi yomwe Zomba inali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Kwa iwo buku lililonse linali ndi khadi lake, makhadiwo ali m'bokosi la nsapato, ogawidwa ndi timakatoni totalikirapo. Ndikapita kukawaona ankatulutsa timitolo tomanga ndi mphira n'kutiyala pa tebulo la pakhonde.

"Awa ndi a ku Archives, mphwanga," ankatero akuloza ndi chala. "Amenewa ukawerengera konko, satuluka. Awa ali kwa abusa. Awa ndi oti ndikadzapeza ndalama."

Za ku National Archives, malo a boma osungira zolembedwa zakale, ankanena zoona. Lamulo limafuna kuti wosindikiza buku m'Malawi akasiye limodzi kumeneko, choncho buku la Chichewa lomwe linasowa m'masitolo zaka makumi angapo zapitazo, malo oyamba kukafunsa ndi amenewo, ndipo ali mommuno mu Zomba. Mwayi umenewu wa ku Mzuzu kapena ku Nsanje amaulipirira ulendo.

Mtengo: makhadi ogula odulidwa kale ndi okwera mtengo. Dulani nokha. Pepala la A4 mukalipinda katatu limapereka makhadi 8 a masentimita 7.4 m'lifupi ndi 10.5 m'litali, ocheperako pang'ono poyerekeza ndi makhadi akale a m'malaibulale, omwe anali 7.5 ndi 12.5. Pepala la manila ndilo labwino, koma kalendala ya chaka chatha ndi makatoni a masamba a tiyi zimagwira ntchito yomweyo mwaulere.

Kapezekedwe: apa ndi pomwe makhadi amaposa kope. Bokosi limatsala kunyumba, koma potuluka mumangotenga kamtolo ka komwe mukupita, ndi makhadi awiri atatu osalemba. Akanakhala makhadi, Loweruka lija kamtolo ka "ofuna kugula" kakanakhala m'thumba la malaya.

Kasamalidwe: simukopera chilichonse. Mwamva kuti buku lomwe mumafuna kugula lilipo kwa mnansi, khadi limasamukira m'kamtolo kena. Mwalimaliza, mumalemba ziganizo ziwiri kuseri n'kuliika kumbuyo kwa bokosi. Simukulifunanso, khadi likakoleze mbaula. Pamene mukuwerenga, khadi lomwelo limasunga tsamba lomwe mwalekezera, ndipo tsiku lobweza limakuyang'anani nthawi iliyonse mukatsegula buku. Njirayi imakula mpaka pomwe mwini wake wafuna: katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Germany, Niklas Luhmann, anasiya makhadi pafupifupi 90,000 a zolemba zake. Chopereŵera chake ndi malo olembapo. Ndemanga yaitali siikwana pa khadi, ndiye wokonda kulemba zambiri afunabe kope pambali.

Chiopsezo: kumwazika. Bokosi likagwa, kapena mwana wokwawa akalipeza, madzulo onse athera kutolera. Choipa kwambiri n'chakuti khadi limodzi likasowa simudziwa n'komwe kuti lasowa, pomwe tsamba long'ambidwa m'kope limaoneka. Mphemvu zimakonda mabokosi a katoni, choncho kontena ya pulasitiki yotsekeka bwino ndi yabwinopo. Mphira nayo pakapita miyezi imaola n'kumatirira pa khadi. Kansalu kong'amba ku chitenje chakutha sikatero.

4. Foni: kudzilembera pa WhatsApp kapena mu Google Keep

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe akuphunzira ku Chirunga, ataona hadikava yanga anafunsa, "Amalume, zonsezi mumayenda nazo? Ine foni ndimagona nayo." Iye akaona buku pa shelefu ya mnzake amajambula chikuto n'kudzitumizira yekha pa WhatsApp, zomwe zakhala zotheka kuyambira chakumapeto kwa 2022. Ena amagwiritsa ntchito Google Keep, momwe mumalemba mndandanda wa timabokosi tochonga ndi kuika zizindikiro pa gulu lililonse.

Mtengo: ngati foni muli nayo kale, ndi wochepa. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp paokha, ndipo mawu okhaokha sadya kanthu kwenikweni. Keep imalola kulemba popanda intaneti, n'kudzasunga ku akaunti yanu ya Google mukalumikiza. Kugula foni chifukwa cha mndandanda wa mabuku wokha, ayi.

Kapezekedwe: palibe yoiposa, bola batire ikhale ndi moto. Magetsi akazima tsiku lonse, kapena ngati mumakhala kumene foni imakatchajitsidwa pa msika, mndandanda umazima nawo.

Kasamalidwe: WhatsApp imaunjika, siisanja. Pakatha miyezi itatu mabuku asakanikirana ndi manambala a mayunitsi a magetsi ndi zithunzi za malisiti. Chithunzi cha chikuto chopanda mawu simungachipeze pofufuza. Muziyamba uthenga uliwonse ndi mawu amodzimodzi, monga "buku kugula" kapena "buku laibulale", kuti mukalemba mawuwo pofufuzira onse atuluke pamodzi. Keep ndi yabwinopo pa kusanja, poti chomwe mwachonga chimatsikira pansi chokha. Koma pali china chomwe otsatsa mafoni sanena: mumatsegula foni kuti muone buku lotsatira, n'kupeza mauthenga makumi a gulu la kumpingo ndi la kuntchito, ndipo ola lowerenga lathera pomwepo.

Chiopsezo: mwana uja foni yake inabedwa m'minibasi akuchokera ku Blantyre. Anali asanatsegule zoti mauthenga azisungidwa ku Google Drive, ndipo mndandanda wa zaka ziwiri unapita ndi foniyo. Anabwera kunyumba maso ali ofiira, tinakhala pakhonde iye kumakumbukira mitu ine kumalemba, koma sitinafike ndi theka lomwe. Dziwaninso kuti WhatsApp imafufuta akaunti yomwe yakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa, ndipo Google ili ndi lamulo loti ikhoza kufufuta akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Ambiri akaunti anawatsegulira wogulitsa foni ndipo pasiwedi saidziwa. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, konzani zimenezo lero musanalembe buku ndi limodzi lomwe.

5. Goodreads ndi StoryGraph

Awa ndi mapulogalamu opangidwira owerenga mabuku. Goodreads inayamba mu 2007 ndipo Amazon inaigula mu 2013. Ili ndi mashelefu a ofuna kuwerenga, omwe mukuwerenga ndi omwe mwamaliza, ndipo mukhoza kupanga ena anuanu. StoryGraph, yomwe anayambitsa Nadia Odunayo wa ku Britain, imasanja mabuku motsata kakomedwe ndi liwiro la nkhani, imaonetsanso momwe mwawerengera pa chaka.

Mtengo: kulembetsa n'kwaulere, ngakhale StoryGraph ili ndi gawo lina lolipira. Ndalama zimapita ku bandulo ya intaneti yonse, chifukwa ya WhatsApp siigwira kumeneko, ndipo zithunzi za zikuto zimaidya ndithu.

Kapezekedwe: pamafunika foni yamakono, netiweki ndi Chingerezi. Buku lofalitsidwa ku London kapena ku New York mumalipeza m'kanthawi kochepa, ngakhale pongolozetsa kamera pa timizere takuseri kwa chikuto. Mabuku athu ndi nkhani ina. Ambiri a Chichewa, makamaka akale osindikizidwa nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lililonse, isanayambe kugwira ntchito cha m'ma 1970, mulibemo, ndipo pa Goodreads kuti buku losowa lilowetsedwe mumachita kupempha anthu odzipereka omwe ali ndi chilolezo. Wowerenga Chichewa apeza kuti mbali yaikulu ya shelefu yake ilibe malo.

Kasamalidwe: pulogalamu imasanja yokha, imawerengetsa yokha. Koma kuonjezera buku n'kophweka mopitirira muyeso, kungogunda kamodzi, ndipo nthawi zonse imakuonetsani ena ofanana nalo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: mwezi usanathe muli ndi mabuku mazana omwe palibe ndi limodzi lomwe lili mu Zomba. Danga la "kumene lili" mulibe, pokhapokha mutadzipangira mashelefu monga "kwa-abusa" kapena "ku-laibulale". Pangani zimenezo tsiku loyamba.

Chiopsezo: mndandanda uli m'nyumba ya eni. Shelfari, yomwe inkagwira ntchito yofanana, inatsekedwa mu 2016. Pa Goodreads mukhoza kutsitsa mndandanda wanu wonse ngati fayilo imodzi yoti musunge nokha, ndipo ndi bwino kutero kamodzi kapena kawiri pa chaka. Onaninso amene akutha kuona zomwe mukuwerenga, poti pali mabuku ena, a matenda kapena a mavuto a m'banja, omwe munthu safuna kuti anzake a kuntchito adziwe.

6. Excel kapena Google Sheets

Awa ndi mapulogalamu olemberamo mndandanda m'mizere ndi m'madanga.

Mtengo: ngati kompyuta ilipo, palibe choonjezera. LibreOffice Calc, yomwe imagwira ntchito ngati Excel, ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti.

Kapezekedwe: ndi ya pa desiki. Pa foni imatseguka, koma kulemba m'timadanga tating'ono mutaima padzuwa pa msika n'kovuta.

Kasamalidwe: pa kusanja palibe yoifika. Madanga mumapanga nokha, ndipo kamodzi kokha mwaona mabuku onse a mlembi mmodzi, kapena onse obweza mwezi uno. Imafuna munthu wokhala pansi kamodzi pa sabata kulowetsa zomwe analemba pa timapepala.

Chiopsezo: fulashi yolowa m'makompyuta ambiri imatenga mavairasi, ndipo fayilo yosungidwa pa kompyuta ya kuntchito imatsala konko tsiku lomwe mwasamutsidwa. Muzidzitumizira pa imelo, ndipo nthawi zina isindikizeni pa pepala.

Kusanja: motsata chiyani?

Chida n'chimodzi, kasanjidwe n'kena. Kusanja motsata zilembo za maina a alembi kumathandiza amene ali ndi mabuku oposa zana ndipo akuopa kulemba limodzi kawiri. Kusanja motsata nkhani kumathandiza wofufuza. Malaibulale ambiri amatsata njira ya Melvil Dewey ya 1876, momwe 200 ndi zachipembedzo, 800 ndi zolembalemba monga ndakatulo ndi nthano, 900 ndi mbiri ndi za maiko. Kunyumba simufunika zonsezo, koma mukapeza buku ku laibulale koperani nambala ya pamsana pake, ulendo wina mudzangolunjika pa shelefu.

Ine ndimasanja monga ankachitira malume, motsata kumene buku lili, m'magulu anayi: omwe ali m'nyumba muno, obwereka kwa uje ndi uje, owerengera konko, ndi ogula kapena kutuma. Pa mabuku a kuno kwathu ndimalembanso wosindikiza, chifukwa dzinalo ndi keyala. La Kachere mufunse mommuno mu Zomba, la Montfort Media mutume wopita ku Balaka, la CLAIM muyambire ku Blantyre.

Pamwamba pa zonse ndimapatula atatu okha otsatira, ndipo lobwereka limakhala patsogolo nthawi zonse, ngakhale mtima ukufuna lina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, komanso mwini buku akaona kuti mwabweza pa nthawi yake, mawa amakutsegulirani kabati yonse.

Ndani atenge iti?

Wophunzira wa sekondale, kapena aliyense amene akungoyamba ndipo mabuku ake safika 30, atenge kope lodula pakati ndi pensulo. Asawononge ndalama mpaka ataona kuti chizolowezi chagwira.

Amene amakonda kulemba maganizo ake akamaliza buku, monga aphunzitsi, alaliki ndi olemba nkhani, hadikava ndiyo yawo. Ndi yoyeneranso amene amabwereketsa kwambiri.

Wokhala ku Mayaka, ku Chingale kapena kulikonse komwe magetsi kulibe, yemwe amabwera m'tauni kamodzi pa mwezi ndipo akufuna ulendo umodziwo ukwanitse zonse, makhadi amuthandiza kuposa china chilichonse. Atenge kamtolo ka ku laibulale ndi ka ogula, ena atsale.

Wophunzira wa ku yunivesite kapena ku Domasi amene foni siichoka m'manja agwiritse ntchito Keep, osati WhatsApp, ndipo pasiwedi ailembe pa pepala losungidwa kunyumba. Akafika polemba kafukufuku wa chaka chomaliza, mabuku atachuluka ndipo akufuna chaka ndi wosindikiza wa lililonse, asamukire ku Excel.

Goodreads kapena StoryGraph ndi za amene amawerenga kwambiri mabuku a Chingerezi, ali ndi intaneti yodalirika, ndipo amafuna kumva zomwe owerenga a maiko ena akunena. Mabuku a Chichewa awasungire malo ena.

Gulu lowerengera limodzi, kaya la kumpingo kaya la aphunzitsi pa sukulu, lisunge hadikava imodzi kwa mlembi wa gulu, ndipo iye azijambula tsamba la "ali kwa yani" n'kutumiza pa WhatsApp ya gulu mukangomaliza kukumana.

Ngati mukufuna kuphatikiza njira ziwiri, kumbukirani kuti mapanga awiri avumbwitsa. Imodzi ikhale nyumba ya mndandanda, inayo ikhale mthenga chabe. Kwanga nyumba ndi hadikava ya A5 yomwe imakhala pa shelefu, kutali ndi khoma. Mthenga ndi makhadi atatu m'thumba la malaya: limodzi la ofuna kugula, limodzi la oti ndibweze, lachitatu loyera. Lamlungu madzulo ndimasamutsira m'hadikava zomwe zalembedwa pa loyeralo, n'kudula lina pa kalendala yakale.